Makina a Mowa Ochokera ku Joni

Chinyonga, Limbe
2 Sepitembala 2024

Okondedwa achimwene a Gracian,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa layamba kale kutiwamba, ndipo alamu anu a Pearson msana ukuwavutabe, ngakhale kumata matayala ku Limbe sanasiye.

Musadabwe kuona kalata m'malo mwa foni. Pafoni mumandidula pakamwa. Ndikangoyandikira funso lenileni, netiweki yanu imadwala, apo ayi abwana akukuitanani. Ndiye nambala yanu ndaibuloka, ndipo sinditsegula mpaka mutandiyankha papepala. A Dauda oyendetsa basi avomera kutinyamulira makalata monga amachitira ndi katundu.

Katundu wanu anafika Lachisanu. Tinapita ku Wenela ine ndi mwana wanu Stacy. Munamuuza kuti mukutumiza chinthu chachikulu cha ukwati wake, ndiye iye m'mutu mwake anaika zoti chinthu chachikulucho ndinu. Anamangitsa tsitsi, anavala diresi yabwino, n'kukaima pakhomo pa basi mpaka munthu womaliza anatsika. Kenaka a Dauda anatsegula kunsi n'kuyamba kutulutsa makatoni: chibokosi chokhala ndi mipopi inayi, mapaipi opiringizana ngati matumbo a mbuzi, mageji, ndi chisilinda chachitsulo. Akuti ndi makina othirira mowa wa m'migolo. Stacy anathokoza a Dauda mwaulemu, n'kuyamba kunyamula makatoni, diresi yabwino ija ili m'thupi.

Ukwati ulipo Loweruka pa 19 Okutobala. Misa idzayamba 9 koloko, madyerero pabwalo la kapinga ku Mpingwe. Kwawo kwa Wilkins, mkamwini wanuyo, ndi anthu ambiri, moti komiti ikuyembekezera alendo 600.

Achimwene, munandisiyira mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mayi ake titangowaika m'manda, n'kunena kuti mubwera chaka chikatha. Zaka zapita 17. Sindikudandaula za kulera, mwanayu sanandipatsepo mavuto. Koma sanapemphepo kanthu kwa inu, ndipo lero akupempha chimodzi chokha: mudzamugwire dzanja polowa m'tchalitchi. Mubwera kapena simubwera? Yankhani chimenechi poyamba, zinazo pambuyo.

Ine mlongo wanu,
Ursula

Germiston
9 Sepitembala 2024

Achemwali anga a Ursula,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ndakondwa kumva kuti nonse mulipo ndi kuti katundu sanasweke panjira. Alamu muwauze azimanga lamba m'chiuno akamanyamula matayala a malole.

Inu makinawa mukuwaona ngati zitsulo wamba, koma ku Blantyre konse palibe mwana amene anakwatiwa ndi zoterezi. Zaka 11 ndakhala ndikulumikiza migolo pabala ya kalabu imene ndimagwira ntchito, ndipo azungu amati thovu langa limaima ngati lojambula. Pamene kalabu inkagula makina atsopano, akalewa ndinawapempha, n'kuwatsuka ndekha paipi iliyonse. Ndikufuna anthu akamadzatchula ukwati wa Stacy azidzati, uja mowa unkatuluka pampopi wozizira ngati madzi a ku Mulanje.

Tsono alamu amvetsetse bwino. Mowa wake ndi wa m'migolo yachitsulo yotsekedwa, mukaoditse kukampani, isanu ndi itatu. Pamwamba pa mgolo mumamangapo chotsegulira chija chili ndi chogwirira chakuda. Chili ndi mapaipi awiri: ina imalowetsa gasi kuchokera m'silinda, ina imatulutsa mowa. Mowawo umadutsa m'paipi yachitsulo yozungulirazungulira ili m'bokosimo, ndipo bokosilo mumalidzaza ayisi ndi madzi pang'ono. Muvi wa pageji uime pa 2. Ukapitirira, mudzagawira anthu thovu lokhalokha. Migolo isaone dzuwa, muifunditse masaka onyowa, ndipo ikatsika m'galimoto ipume tsiku lathunthu. Kapu muziipendeketsa pothira.

Silinda ndatumiza yopanda kanthu chifukwa basi salola yodzaza. Mukaidzazitse gasi amene amaika m'zakumwa, amati CO2. Funsani kumakampani a ku Chirimba.

Za kubwera kwanga tikambirana, mwezi uno ntchito yachuluka. Mundiuze ngati m'katoni yaing'ono mwapezamo sipanala ndi timphira tofiira khumi. Stacy mundiperekere moni.

Mlongo wanu,
Gracian

Chinyonga
17 Sepitembala 2024

Gracian,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero. Tilipo.

Lero ulemu wa inu ndauika pambali, paja ndinakubereka kumbuyo ine. Ndinakufunsa za mwana, iwe wandiyankha za mapaipi. Masamba awiri athunthu, mwana wako mzere umodzi, timphira tofiira mzere umodzinso. Tilipo timphira tako, khumi, ndatiwerenga.

Kalata yako ndinaibisa pansi pa matiresi, koma Stacy anaona a Dauda akuipereka. Anandifunsa kuti adadi akuti chiyani. Ndinanama kuti ukukonza za tchuthi. Ine wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, kunamiza mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuti bodza ndi tchimo. Lachitatu anapita kwa abambo mfumu ndi Wilkins kukalembetsa dongosolo la Misa. Atafunsidwa dzina la wodzamupereka, analemba lako. Wilkins anamunong'oneza kuti bwanji alembenso la ankolo ake a Pearson pambali, mwina mwake. Stacy anangomuyang'ana, mnyamatayo n'kubweza cholembera m'thumba.

Ndiye makina akowa atiikanso pamoto wina. Amalume ake a Wilkins, amene ndi wapampando wa komiti, anabwera kudzawaona, n'kuwajambula, n'kuwaponya pagulu la WhatsApp la ukwati. Tsopano Limbe yonse ikudziwa kuti kwa Ursula kuli mowa wa pampopi wochokera ku Joni. Komiti yachotsa mowa wa m'mabotolo pa pulogalamu, akuti wa chiyaninso. Anthu amene sindinawaitane akundiimitsa pamsika kufunsa khadi. Zikakanika, adzasekedwe ndi banja lathu, pamaso pa apongozi ake a mwanayu, tsiku loyamba lenilenilo.

A Pearson anakopera malangizo a m'kalata yako, akugona nawo ngati buku la mapemphero. Madzulo aliwonse amayala mapaipi pakhonde, kulumikiza, kumasula, kulumikizanso. Za gasi apita kawiri ku Chirimba, akuti adikire.

Ndikufunsanso, ndipo ndalemba zilembo zikuluzikulu kuti netiweki isavute. UBWERA KAPENA SUBWERA?

Ursula

Germiston
25 Sepitembala 2024

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu ndaiwerenga kanayi, ndipo zonse mwanenazo ndi zoona. Ndikuuzani zimene ndakhala ndikuzemba.

Ine kuno ndilibe mapepala. Masiku amene anandidindira polowa anatha mu 2007. Ndikangofika pamalire a Beitbridge potuluka, adzandidinda kuti ndisalowenso zaka zisanu. Ntchito idzathera pomwepo, ndipo pa msinkhu wangawu palibe adzandilembenso, kaya kuno kaya kumeneko.

Koma chimenecho si chachikulu. Achemwali, ine ndilibe kanthu. Galimoto yofiira ija ndinajambulitsa nditatsamira inali ya kasitomala. Nyumba ija inali ya kalabu. Ndimagona m'kachipinda kuseri kwa sitolo, kamene bedi likalowa chitseko sichitseguka chonse. Mano akutsogolo anandigulula achifwamba zaka zinayi zapitazo, n'chifukwa chake ndimakana kuimba foni ya vidiyo. Stacy akudikira bambo wa pachithunzi uja, wonenepa, wa jekete lachikopa. Amene angatsike basi ku Wenela ndi nkhalamba yowonda ya chikwama chimodzi. Ndiime naye pakati pa tchalitchi, apongozi ake a masuti akuyang'ana, n'kumafunsana kuti zaka 17 zonsezi munthuyu amatani? Ndikaganiza zimenezi chakudya chimandikanika.

Chimene ndimachidziwa padziko pano ndi kuthira mowa. N'chifukwa chake ndinatumiza makinawo. Ndinati mwina akayenda bwino, anthu adzati bambo ake ndi munthu, ngakhale sanabwere.

Chonde Stacy musamuuze izi. Muuzeni kuti abwana akana tchuthi. Alamu amulowetse m'tchalitchi, ndi amene anamulera, akuyenera.

Gasi uja wapezeka? Nthawi ikutha, ndili ndi nkhawa. Ndipo nditseguleni pafoni, ndayankha.

Gracian

Limbe
4 Okutobala 2024

Alamu a Gracian,

Ndine Pearson. Sindinakulemberenipo chiyambire, ndiye mukhululuke kalembedwe, dzanja langa linazolowera sipanala. Moni wa kuno, tonse tilipo. Akazi anga kalata yanu yomaliza anaiwerenga n'kudzitsekera kuchipinda. Sanandiuze zili m'menemo, angoti yankho limenelo salilandira ndipo foni satsegula.

Ine ndikulemba za ntchito. Nkhani yabwino ndi yoti migolo isanu ndi itatu yafika. Kuno mafuta akusowa, mizere pamafilingi siteshoni ikufika kumsika, ndiye wapampando anaopa kuti tikadikira sabata ya ukwati lole sidzapezeka. Ndaisunga m'kontena yanga ya matayala, mokhomedwa bwino. Masana mumatenthako, koma masaka ndikunyowetsa monga munanenera.

Nkhani yovuta ndi gasi. Ku Chirimba akuti galimoto yawo ili pamzere wa dizilo ku Beira, tiyembekezere mpaka pa 17. Masiku awiri okha ukwati usanachitike. Alamu, ine zaka 26 ndikumata matayala, sindinaperekepo tayala kwa mwini wake ndisanalipope n'kuliviika m'madzi. Lililonse, ngakhale la njinga. Sindingaimike migolo isanu ndi itatu pamaso pa anthu 600 ndisanaone ndi maso anga kuti uliwonse ukutulutsa.

Ndiye ndaganiza nzeru. Ndayang'anitsitsa makina anu, ndaona kuti ntchito ya gasiyo ndi kukankha mowa basi. Kukankha ndiye kompuresa yanga imakankha matayala a lole. Ndasula kale kachitsulo kolumikizira paipi yake ku geji yanu, kakugwira bwinobwino, sikakutaya mpweya. Lachinayi pa 10 ndidzayesa mgolo uliwonse, kapu imodzi imodzi, muvi pa 2, kenaka n'kutseka kudikira tsikulo. Gasi akadzachedwa, kompuresa yomweyo idzagwira ntchito ku Mpingwe.

Musade nkhawa ndi chilichonse. Stacy ndi mwana wanga nanenso, sindingamuchititse manyazi. Ngati pali china ndaiwala, a Dauda akuti adzakhala atabwerako Lachinayi m'mawa.

Ine mlamu wanu,
Pearson

Germiston
7 Okutobala 2024

Alamu,

Moni, koma chonde musayese. MUSALUMIKIZE KOMPURESA KU MGOLO NGAKHALE UMODZI.

Gasi uja sakankha chabe, amasunganso mowa. Mpweya wamba ukalowa mumgolo, mowa umayamba kuwonongeka tsiku lomwelo. Pakutha pa masiku awiri, m'kontena yotenthayo, udzakhala wosasa ngati viniga. Kuwonjezera apo mpweya wa kompuresa uli ndi oyilo ndi fungo la mphira. Mukatseka mgolo mpweyawo umatsalira momwemo, palibe njira youchotsera. Mgolo si tayala, alamu, suyesedwa. Umatsegulidwa tsiku lomwera.

Kulakwa ndi kwanga. Ndinalemba za masaka, za timphira, za kapendeketsedwe ka kapu, n'kusiya chimenechi, chifukwa kuno ngakhale wotsuka makapu amachidziwa.

Chilandirireni kalata yanu masana ano ndaimbira achemwali kakhumi ndi kawiri, foni sikulowa. Ndabwereka ya mnzanga, akangomva mawu anga akudula. Nambala yanu imene ndili nayo ndi yakale, akuyankha ndi mayi wina wa ku Balaka. Yatsala ya Stacy. Ndakhala ndi foni m'manja ola lathunthu ndikuyang'ana dzina lake. Akayankha adzafunsa kuti adadi mufika liti, ine n'kuti mwanawe, kauze ankolo ako za kompuresa. Zandikanika. Mulungu andikhululukire, zandikanika.

A Dauda anyamuka mawa m'mawa. Ndawapempha kuti akangofika asapite kwawo, athamangire kukontena kwanu. Ndikupemphera kuti msewu ukhale wabwino.

Gracian

Chinyonga
14 Okutobala 2024

Gracian,

Ndakutsegula. Kalatayi ndaijambula n'kukutumizira pafoni chifukwa nthawi ya basi yatha, koma usandiimbire, mawu ndilibe.

Basi ya a Dauda inathera dizilo ku Tete, inagona komweko masiku atatu. Kalata yako yafika dzulo, ndipo foni ya a Dauda ku Mozambique sigwira. A Pearson anali atayesa kale Lachinayi. Anabwera kunyumba tsiku limenelo akuimba nyimbo, akuti mowa unatuluka mwaulemu, thovu loyera, mpaka anzawo a pagalaja anawaombera m'manja. Anayesa migolo isanu. Asanafike wachisanu ndi chimodzi magetsi anathima, ndipo ndi kuthima kumeneko kwatipulumutsira itatu.

Dzulo titachoka ku Misa anawerenga kalata yako ali chiimire, n'kutuluka osavula jekete. Ndinawatsatira. Anathira kapu imodzi, analawa, anandipatsa. Gracian, ine si wakumwa, koma chinthu chimenecho ngakhale nkhumba ikanakana. Chowawasa, chonunkha tayala lopsa. Isanu yonse chimodzimodzi. Mwamuna wanga anakhala pansi pa fumbi n'kulira ngati pamaliro. Zaka 30 tili limodzi, sindinamuonepo akutero. Ndipo ndikudziwa kuti ndikanayankha foni yako kamodzi kokha, zonsezi bwenzi palibe. Mkwiyo wangawu wandidya ndekha.

Wapampando tamuuza. Mawu amene analankhula sindiwalemba. Pomaliza wati ayesetsa kupeza migolo ina inayi Lachisanu, koma akufuna adziwe amene adzaimire makinawo, chifukwa a Pearson alumbira kuti sadzawakhudzanso. Tafunsa m'mabala a mu Limbe ndi m'tauni, amene amadziwa zimenezi ndi ochepa, ndipo Loweruka onse ali pantchito.

Stacy sakudziwa za mowa, ndiponso sindinamuuze bodza lako la tchuthi. Akadali kunena kuti adadi amakonda kuchita zinthu modzidzimutsa.

Ndakupempha mwezi wathunthu kuti ubwere chifukwa cha mwana wako, wakana. Ndatopa, sindipemphanso zimenezo. Bwera chifukwa cha makina ako. Iwo sadzakufunsa za mano, sadzakufunsa kumene unali.

Ursula

Germiston
16 Okutobala 2024

Achemwali,

Ndatsanzika ku kalabu. Ndikwera basi ya mawa, akuti ifika Loweruka m'mamawa dizilo akalola. Alamu atenge gasi, ayisi matumba 40, sopo wopanda fungo ndi ndowa ziwiri, mapaipi onse ayenera kutsukidwa oyilo uja. Migolo igone ku Mpingwe Lachisanu, pamthunzi. Stacy musamuuze kaye, mwina pamalire angandigwire.

Gracian

Chilobwe
20 Okutobala 2024

Achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndi kutopa kwa dzulo. Ndili kwa a Dauda, andipatsa mphasa pabalaza. Ndikulemba chifukwa ndinachoka osatsanzika, ndipo kubwera ku Chinyonga kudzakuyang'anani m'maso sindingathe.

Pa Beitbridge anandidinda zaka zisanu, monga ndinanenera. Tinafika ku Wenela 7 koloko, ndinakwera kabaza wanjinga yamoto mpaka ku Mpingwe. Alamu ndinawapeza atavala kale suti, ataima patali ndi migolo ngati pali njoka. Anandikumbatira, n'kundionetsa jekete ndi tayi zimene munandikonzera m'pepala la pulasitiki. Ndinawauza kuti nditsuke kaye mapaipi, mphindi makumi awiri basi.

Ndinatsuka. Nditalumikiza mgolo woyamba, panatuluka thovu lokhalokha, chifukwa migolo yatsopano ija inali itangotsika m'galimoto m'mawa womwewo, yotentha, yokhutchumuka. Ndinasinthira ku itatu yakale ija, ndinatsitsa geji, ndinathira ayisi. Kamphira kena kanali kakutaya gasi, ndinasintha. Alamu anati hafu pasiti eyiti yakwana, galimoto ikudikira. Ndinati tsogolani, ndikupezani. Anandigwira mkono, anati alamu, mowa ungadikire. Ndinati tsogolani.

Achemwali, sindinama. Pofika kota tu naini mipopi yonse inayi inali ikutulutsa bwino. Kabaza anali pageti pomwepo. Ndinatenga jekete lija, ndinalivala, linandikhuthukira m'mapewa ngati ndabwereka kwa malemu. Ndinadziona pagalasi la galimoto ya okongoletsa. Ndinalivula, n'kuvala epuloni yanga ya ku kalabu ndi kapusi, n'kuyambanso kupukuta makapu amene anali oyera kale.

Zotsalazo mukuzidziwa. Munabwera masana n'kundipeza kuseri kwa tebulo, munati pita ukamupatse moni mwana wako. Ndinati mzere uthe kaye. Mzerewo sunathe, ndipo ine sindinafune kuti uthe. Mowa unayenda bwino mpaka mgolo womaliza. Wapampando anandisisita paphewa n'kufunsa kampani imene yanditumiza, akuti mwana wake akwatira chaka chamawa.

Chimene simukuchidziwa ndi ichi. Perekaniperekani ali mkati, cha m'ma 4 koloko, anthu a pamzere anapatuka. Nditadzutsa mutu ndinaona diresi yoyera. Anali yekha, atanyamula m'munsi mwa diresi kuopa matope a ayisi. Nkhope ya mayi ake yeniyeni. Anati, "Ndithirireniko kapu imodzi."

Ndinapendeketsa kapu, ndinathira, thovu linaima bwino. Ndinamupatsa ndi manja awiri, maso ali pansi. Anaima pamenepo kanthawi ndithu, kapu ili m'manja. Pakamwa panga panatuluka mawu amene ndawanena kwa zaka 11: "Zikomo madamu, musangalale."

Anabwerera ku tenti. Sanandizindikire, ndipo mwina ndi bwino choncho. Mgolo womaliza utatha ndinatseka gasi n'kutulukira geti la kumbuyo.

Ndataya ntchito, ndataya Joni, ndayenda masiku awiri, n'kulephera mamita khumi. Makinawo alamu awasunge kapena awagulitse. Ine ndiona kolowera. Stacy mumuuze kuti anandibweza pamalire.

Gracian

Chirimba
22 Okutobala 2024

Adadi,

Moni. Ine ndi Wilkins tili bwino, talowa m'nyumba yathu Lamulungu. Anti anandibweretsera kalata yanu dzulo. Akuti atopa kunama, ndiwerenge ndekha. Anandipatsanso zina zonse za pansi pa matiresi.

Pakhomo pa tchalitchi ndinadikira mphindi makumi awiri. Kwaya inabwereza nyimbo yolowera katatu. Ankolo a Pearson ataima pambali panga ndinamva fungo la mowa pamkono wa suti yawo, chonsecho iwo analumbira kuti makinawo sawakhudzanso. Ndinawafunsa kuti ku Mpingwe kuli ndani. Ankolo sadziwa kunama, anangoyamba kulira. Ndinawagwira dzanja n'kulowa nawo, ndipo sindikudandaula kuti anali iwo.

Ndiye pampopi paja ndinkadziwa amene ndikulankhula naye. Ine sindimwa mowa, adadi, aliyense amadziwa. Ndinasiya alendo 600 ndi mwamuna wanga pakati pa perekaniperekani, n'kudutsa m'matope, kuti ndikupatseni mpata. Ndinaona mano. Ndinaona kuwonda. Ndinaonanso mmene munathirira, simunataye ngakhale dontho. Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi atatu kudikira kuti mutchule dzina langa. Munanditcha madamu.

Zinandipweteka kuposa pa tchalitchi paja. Ndakwiya nanu, ndipo sindikudziwa kuti mkwiyowu udzatha liti. Galimoto yofiira ija ndinadziwa kalekale kuti si yanu, chithunzicho chinali ndi mzungu atakhala kutsogolo, munamudula theka. Ndinali Fomu 2. Sindinanene kanthu chifukwa ndinkaopa kuti musiya kutumiza zithunzi.

Mwalemba kuti muona kolowera. Musapite kulikonse. A Dauda ndawauza kuti chikwama chanu asakupatseni.

Tikukhala kuseri kwa msika wa Chirimba, nyumba ya geti lobiriwira, mukafunsa kwa amayi ogulitsa makala akulozerani. Lamulungu tidzadya 1 koloko. Mubwere ndi malaya amene muli nawo. Musagule shuga, musagule buledi, musanyamule kanthu kalikonse m'manja. Mukafika pageti sinditsegula mpaka muitane dzina langa.

Mwana wanu,
Stacy